Chekeni, dongo, makala kapena foni: n'chiyani chimakhwimitsa zala za mwana asanagwire pensulo?

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka zitatu ndi theka, tsiku lina anabwera kuchokera ku sukulu ya mkombaphala ndi kope latsopano m'chikwama. Amadamu anali atadontheza timadontho ta chilembo "a" tsamba lonse kuti akadutsitsemo pensulo kunyumba. Unali mwezi wa Juni, nthawi ija Mzuzu amazizira mpaka mano kuguguda, ndiye tinakhala pamkeka pafupi ndi mbaula. Pensuloyo anaifumbata ngati mthiko, lilime lili panja, phewa lonse likuyendera limodzi ndi dzanja. Pamzere wachiwiri pepala linabowoka. Anadzutsa mutu nati, "Amama, dzanja likuwawa." Ine ndinamuuza kuti asiye ulesi. Tsambalo analimaliza misozi ili chuchuchu, ndipo kwa milungu ingapo akangoona kope ankazembera kuseri kwa nyumba.

Apongozi anga, amene anali atabwera kuchokera ku Kasungu kudzationa, anaonerera zonsezi ali chete. M'mawa mwake ndi pamene anandifunsa motsitsa mawu: "Amake mwana, kodi mwanayu chibadwire anaumbapo ng'ombe yadongo?" Anali asanaumbepo. Tinkakhala ku Chibavi m'nyumba ya lendi yokhala ndi mpanda, ndipo ndinkanyadira kuti mwana wanga sasewera m'matope. Funso limenelo linandikhala pamtima. Ndinayamba kufunsa anamwino ku sikelo ndi alezi a ana, kenako n'kumayesa ndekha pa ana anga atatu. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona kuti njira iliyonse imatha, ndi pamene imaperewera.

Sunali ulesi. Pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, pali timafupa 8. Mwana akamabadwa tonseto timakhala tofewa ngati khutu, ndipo timalimba kamodzikamodzi. Komalizira kamalimba mwana ali cha m'zaka 10. Mphamvu yowongolera mkono nayonso imatsika pang'onopang'ono: imayambira paphewa, n'kufika pachigongono, kenako pamfundo ya dzanja, zala n'kumalizira. Khanda la miyezi 9 mpaka 12 limayamba kutola kanthu kakang'ono ndi chala chachikulu ndi chala cha mkombaphala. Pofika chaka ndi theka limakhwatchakhwatcha chofumbata. Wa zaka 3 amatha kutsanzira chozungulira, wa zaka 4 mtanda, ndipo ka ngodya zitatu, kaja kokhala ngati denga la nyumba, ana ambiri amakatha ali ndi zaka 5 kapena 6. Kagwiridwe kaja timakafuna, pensulo itagona pachala chapakati, zala ziwiri zitaipana, kamakhazikika pakati pa zaka 4 ndi 6. Zaka 6 zomwezo ndiye msinkhu woyambira Sitandade 1 m'dziko muno. Chilembo "a" chimafuna chozungulira chaching'ono ndi kamzere kolumikiza pamalo ake enieni. Wanga uja anali atangoyamba kumene kutha chozungulira chachikulu ngati mbale.

Tiyambe ndi chekeni, popeza n'chimene makolo ambiri timathamangira. Kupaka utoto pachithunzi kumaphunzitsa zinthu zimene dongo silingaphunzitse: diso kuuza dzanja poimira, dzanja linalo kupanikiza pepala kuti lisathawe, ndi kukhala pansi kumaliza kanthu kamodzi. Zonsezi zidzafunika polemba. Koma machekeni sali amodzi. Aja a phula amafuna kuti mwana akanikize kuti mtundu utuluke, ndipo kukanikiza kumeneko ndiko kumalimbitsa timinofu ta m'chikhatho. Mamaka, aja a inki okhala ndi chotsekera, amaterera okha, mtundu wake umawala, ana amawakonda, koma dzanja siligwira ntchito kwenikweni, ndipo chotsekera chikatayika m'mawa, madzulo aumiratu. Mapensulo a mitundu ndi a mwana amene wafika zaka 5: nsonga yake ndi yaing'ono, imathyoka mwana akakanikiza, ndipo inu mudzakhalira kusongola ndi lumo. Kwa wa zaka 2 mpaka 4, a phula ndiwo ndingasankhe. Pogula, ngati wogulitsa akulolani, khwatchani kamodzi papepala. Alipo ena otchipa amene mtundu wake umachita kubisala. Mwana amakanikiza mpaka kutopa, chithunzi chili mbuu, basi n'kugwa ulesi weniweni tsopano.

Chinthu chimene ndinaphunzira mochedwa ndi ichi: chekeni chothyoka chimaposa chathunthu. Chachitali mwana amachifumbata ndi chikhatho chonse chifukwa malo alipo. Kachidutswa kotalika ngati theka la chala chanu sikafumbatika. Kuti akagwire, zala zitatu zija zimakumana zokha popanda womukalipira. Akatswiri othandiza ana ovutika kugwiritsa ntchito manja amachita zomwezi mwadala. Kale ndinkakwiya bokosi latsopano likathyoledwa tsiku lomwelo. Pano ndimathyola ndekha, n'kusenda kapepala kake, n'kusunga tizidutswato m'chitini cha mkaka. Kungoti mwana amene akuikabe zinthu m'kamwa musamusiyire tizidutswa; ameneyo mupatseni chonenepa chachikulu, inu muli pomwepo.

Nanga apake pati? Mabuku opakamo amene amagulitsidwa m'mashopu a m'tauni ndi okongola, koma ambiri zithunzi zake n'zodzaza timizere ting'onoting'ono: maluwa a timasamba tambirimbiri, nyumba zachifumu, zinyama zimene mwana wa ku Mchengautuwa sanazionepo. Wa zaka 3 sangathe kukhala m'kati mwa timizere totere, ndipo ife akulu sitichedwa kunena kuti "watuluka kunja, wawononga." Mawu amenewo amapha chidwi msanga kuposa kusowa kwa buku. Komanso chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, buku limodzi loti litha m'masiku atatu ndi ndalama yoti munthu uiganizire kawiri. Ine ndimatenga mapepala olembedwa mbali imodzi amene bambo a ana amabwera nawo kuchokera kuntchito, kapena katoni yopempha kugolosale, n'kujambula ndekha ndi maka yakuda, mzere wonenepa: nthochi imodzi yaikulu, nsomba, kapu, minibasi, njinga ya sakaramento (kabaza wa kuno ku Mzuzu) ndi mpando wake wakumbuyo. Sindine katswiri wojambula, koma mwana akazindikira chinthucho amachipaka ndi mtima wonse, uku akukufotokozera kumene njingayo ikupita. Asanafike zaka 3, ngakhale chithunzicho n'chosafunika. Pepala loyera lalikulu n'lokwanira, akhwatche mmene akufunira. Zokhala m'kati mwa mzere muyambe kuzitchula cha m'zaka 4, ndipo buku la kushopu likhale la wa zaka 5 amene akulifuna yekha.

Kuperewera kwa chekeni n'koti chimagwiritsa ntchito mphamvu imene ilipo kale kuposa kuipanga. Dzanja lofooka likapatsidwa chekeni chokha, limangozolowera kagwiridwe kokhota kuti lipulumuke.

Apa ndi pamene apongozi anga anandiposa nzeru. Tsiku lomwe anafunsa funso lija, anapita okha kudambo n'kubwera ndi chibuma cha dongo m'jumbo. Anakhala pakhonde miyendo atatambasula, mdzukulu wawo pambali. Anayamba ndi kumuuza kuti alikande, n'kumawaza madzi pang'ono. Mwanayo anakanikiza ndi zikhatho zonse ziwiri, thupi lonse litatsamira pamenepo, mpaka dongo linayamba kutuluka m'mipata ya zala. "Tsopano tema mbamu, ngati ya nsima," anatero agogo akewo. Anatema. "Ikulunge m'manja ikhale dzira." Kenako anamuonetsa kutsina linunda pamsana, kukoka timiyendo tinayi, ndi kupotokola nyanga ndi nsonga za zala ziwiri. Nyanga yoyamba inaduka, yachiwiri inaduka, yachitatu inakhala, yokhota ngati mbedza. Maso anabowola ndi kaudzu. Ndinayang'ana zala zimene zinapotokola nyangayo: chachikulu, cha mkombaphala, chapakati chikuchirikiza pansi. Zala zomwe zija za pensulo. Anakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, mwana yemwe uja analira pamzere wachiwiri.

Palibe china mwa zonsezi chimene chimalimbitsa dzanja ngati dongo, chifukwa limakana. Polikanda, mphamvu imachokera paphewa ndi pamfundo ya dzanja. Politsina, imachokera kunsonga za zala. Ndipo manja onse awiri amagwira ntchito limodzi. Mulibe "walakwitsa" m'dongo. Ng'ombe ikaduka mwendo, amaifinya n'kuyambanso. Ndalama silifuna, ndipo kuno ku Mzuzu madambo ali ponseponse. Zovuta zake zilipo ndithu. Dongo akakumbe ndi munthu wamkulu, kutali ndi zimbudzi ndi ngalande za madzi oipa, chifukwa m'dothi lotere mumakhala mazira a njoka za m'mimba, ndipo madzi odikha a m'dambo angakhale ndi likodzo. Akamaliza, asambe m'manja ndi sopo, zikhadabo zikhale zowenga. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dongo limazizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndimalifewetsa ndi madzi ofunda, ndipo timaumba dzuwa likakwera. Mukalikulunga m'jumbo n'kumanga, limakhala lofewa masiku angapo.

Amene muli m'nyumba zoti dongo simungalipeze msanga, kapena eni nyumba safuna matope pakhonde, mungathe kukanda lanu: makapu 2 a ufa wa tirigu, kapu 1 ya mchere, madzi pafupifupi kapu 1 othira pang'onopang'ono, ndi supuni ya mafuta ophikira. Ufa wa chimanga sugwirana, umangonyenyeka. Limeneli ndi laukhondo koma ndi lofewa kuposa dongo lenileni, choncho dzanja siligwira ntchito yofanana, ndipo ufa wa tirigu ndi chakudya chimene si nyumba iliyonse ingachiseweretse. Mchere wakewo ndi wambiri, mwana asadye.

Njira yachitatu ili kale m'nyumba mwathu, kungoti sitiiwerengera. Ana a kumudzi ambiri amafika ku Sitandade 1 asanaonepo chekeni, koma zala zawo zili gwa. Amatong'ola chimanga ndi chala chachikulu, amaswa mtedza, amasankha nyemba palichero, amathandiza kusadzula nkhwani. Kutauni kuno timawakaniza zonsezi poopa kuti achedwetsa ntchito kapena atayitsa. Wanga wachiwiri, wamkazi, ndinamuyamba msanga: mpunga wa ku Karonga ndikauthira palichero, iye ntchito yake inali kutola timiyala ndi mankhusu. Poyanika zovala, mapegi ankapana ndi iyeyo, pachingwe chimene ndinamumangira m'munsi. Pegi ndi kanthu kodabwitsa. Kuti itseguke pamafunika zala zomwe zija zitatu, ndi mphamvu ndithu. Mabatani a juzi, zipi ya jekete, kutsegula ndi kutseka botolo la mafuta odzola, ngakhale kudzitemera yekha mbamu ya nsima n'kuiumba m'manja m'malo momudyetsa ndi supuni: m'nyengo yozizira ya kuno mwana amavala ndi kuvula zovala za mabatani kangapo patsiku, ndipo nthawi iliyonse imene tamumangira chifukwa chofulumira, tamulanda phunziro. Akafika zaka 5 kapena 6, phada ndi bawo zimapitiriza ntchito yomweyo, diso ndi dzanja kuyendera limodzi.

Ubwino wa njira imeneyi n'ngwoti imachitika tsiku lililonse popanda kukonza nthawi yapadera, ndipo mwana amamva kuti ndi munthu wofunika pakhomo. Choopsa chake n'chimodzi koma chachikulu: nyemba, mtedza ndi chimanga zimatsamwitsa, ndipo zimalowa m'mphuno ndi m'khutu. Wosakwana zaka 3 asatsale nazo yekha ngakhale kanthawi kopita kukatunga madzi pampopi. Komanso ntchito za pakhomo sizizoloweretsa mwana kusiya chizindikiro papepala. Amene wakulira izi zokha amakhala ndi mphamvu, koma tsiku loyamba kugwira cholembera chimamuchitira chilendo.

Mpata umenewo amatseka ndi makala ndi choko. Nyumba iliyonse ya mbaula ili ndi khala, ndipo khala ndi lalifupi mwachibadwa, ndiye limagwiridwa ndi nsonga za zala monga kachidutswa ka chekeni kaja. Chimene ndimakondera kwambiri n'choti mwana amalemba ataimirira. Mukakhoma katoni kukhoma, kapena kupeza kathabwa kosalala kwa a matabwa ku Zigwagwa n'kukapaka penti yakuda ya bolodi, dzanja limakweza mutu lokha polemba, ndipo umo ndi mmene limafunika kukhalira pogwira pensulo. Phewa nalo limalimba pojambula mizere italiitali. Kwa wa zaka 2 ndi 3, amene akulembabe ndi mkono wonse, malo aakulu otere amamuyenera kuposa kope. Kulemba pansi ndi kamtengo n'kwabwinonso, koma mvula ya kuno simafulumira kuchoka, bwalo limakhala thope miyezi yambiri; khonde ndi khoma ndizo zodalirika. Makala amadetsa zovala ndi nkhope, ndipo mitundu mulibe. Ngati muli pa lendi, muonetseni msanga pamene pali pake polemba, kuti musayambane ndi eni nyumba.

Za foni sindichulutsa. Timasewero topaka utoto ta pafoni timaoneka ngati chinthu chomwecho, koma mwana amangogunda ndi chala chimodzi, mtundu n'kudzaza wokha mpaka m'mphepete. Palibe chogwira, palibe chokanikiza, palibe poimira poti diso liuze dzanja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2019 linati mwana wosakwana zaka 2 asamakhalire kuonera zinthu zotere, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndikudziwa kuti foni imatipulumutsa pamzere wa kuchipatala kapena m'basi ya ku Lilongwe, ndipo inenso ndimapereka. Koma tisaiwerengere m'gulu la zokhwimitsa zala.

Sizasi ndi yabwino kuyambira zaka 3 kapena 4, yopanda nsonga, inu muli pafupi. Isanafike nthawi imeneyo, kung'amba nyuzipepala yakale m'tizidutswa kumachita ntchito yofanana. Phala lopyapyala la ufa wa kondowole limamata mapepala bwino lomwe, ndiye tizidutswa tija angathe kutimata m'kati mwa nsomba imene mwajambula, kukhala mamba.

Mukandifunsa kuti ndisankhe chimodzi, kwa mwana wosafika zaka 4 ndisankha dongo, ndipo ntchito za pakhomo zizimutsatira tsiku ndi tsiku. Chekeni chibwere ngati mnzake wa dongo, pakatoni kapena papepala lalikulu, mphindi 10 kapena 15, iye akatopa basi. Kuyambira zaka 4 mpaka 6 chekeni chikwere pang'onopang'ono, zithunzi zizicheperachepera, kenako mapensulo a mitundu, ndipo zilembo zibwere iye akayamba kutha mtanda ndi bokosi la ngodya zinayi popanda kulimbana nazo. Ambiri timayesa sukulu ya mkombaphala poona kuchuluka kwa masamba olembedwa m'kope, ndipo aphunzitsi ena amapereka ntchito yotere chifukwa ife makolo ndife timaifuna, kuti tione kumene fizi ikupita. Pokaona sukulu, kaya ndi yolipira kaya ndi ija ya m'dera yoyendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, suzumirani ngati pali ngodya ya dongo, mchenga, zitsekerero za mabotolo zotunga pachingwe, ndi zojambula za ana zokhomedwa kukhoma zosafanana. Zikakhala zofanana zonse ngati zodinda, dziwani kuti dzanja la wamkulu linadutsamo.

Mwana akamatenga chekeni ndi dzanja lamanzere, musiyeni. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse ndi wamanzere, ndipo ana ambiri amasinthasintha manja mpaka cha m'zaka 4 asanakhazikike. Ikani chekeni pakati, atole yekha. Za kulandira zinthu kwa akulu ndi manja awiri n'zamwambo, aphunzitsidwe ndithu, koma kumumenya kuti alembe ndi lamanja kumangomusokoneza. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi china: khanda losakwana chaka limene likugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chifumbatire, mwana wa chaka ndi theka amene satola kanthu ndi zala ziwiri, kapena amene ankatha chinthu kenako n'kuleka. Zotere musadikire kuti akula nazo. Tengani buku lake la kusikelo mukawauze anamwino. Ku Mzuzu Central Hospital kuli a mafizo (othandiza ziwalo za thupi kuti zizigwira bwino ntchito), ndipo a St John of God kuno ku Mzuzu amathandiza ana amene akuchedwa kukula. Kupita msanga kumathandiza kwambiri.

Wachisamba uja sindinamukakamizenso kope chaka chimenecho. Ndinapita kwa amadamu ake n'kuwapempha mwaulemu kuti ntchito ya madontho ayambe aiimika, ndipo anandimvetsa. Ng'ombe zinachuluka pawindo la kukhitchini, zina za miyendo itatu, ina ya nyanga zinayi. Agogo ake atabwerera ku Kasungu, ankandiumiriza kuti ndiwaimbire foni awauze kuti khola ladzaza. Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 5, ndinamupeza m'mawa wina atagwada pakhonde ndi khala m'manja, akujambula pakatoni ya sopo. Anali atalemba chilembo choyamba cha dzina lake, chachikulu ngati chikhatho changa, chopendekeka, ndipo pambali pake ng'ombe ya linunda. Zala zitatu zinali bii, zinazo zoyera.